Katundu wa Eni Ake

Tsiku limene ndinafika kwathu ndi lole yangayanga, ana a m'mudzi anaithamangira kuchokera pa mlatho mpaka pakhomo pa amai anga. Munali m'mwezi wa Okutobala chaka cha 2018, ndipo ine ndinali ndi zaka 27 zokha. Amai analuluta, alongo anga anayala nsalu zao pansi kuti ndipondepo potsika, ndipo amalume anaizungulira loleyo katatu, akugogoda matayala ndi ndodo yao, osanena kanthu. Pofika madzulo a tsiku lomwelo, anzanga amene tinkaweta nao ng'ombe kudambo anali atayamba kale kunditcha bwana. Sindibisa, awerengi okondedwa, dzinalo linandikomera m'khutu, ndipo linapitirira kundikomera kwa miyezi isanu ndi umodzi, kufikira usiku wina wa mvula pamene ndinayamba kuzindikira chimene munthu wasenza akakhala mwini lole.

Loleyo inali yogwirapo kale ntchito ku Japan, monga alili malole ambiri a ife oyamba ndi zochepa. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania, ndi kulowa m'dziko muno kudzera pa chipata cha Songwe. Inali yonyamula matani 10, ndiye kuti matumba 200 a feteleza kapena a simenti, pakuti thumba lililonse limalemera makilogalamu 50. Inali ya mtundu uja wa bodi yathyathyathya, yopanda mpanda m'mbali ngakhale denga pamwamba. Ubwino wa lole yotere ndi wakuti sisankha katundu: lero matabwa, mawa malata, mkuja zitsulo zazitali zomangira nyumba kapena mabelo a fodya, ndipo okweza angathe kuikweza kuchokera mbali ina iliyonse. Koma pa ubwino pomwepo ndi pamene pagona kuopsa kwake. Katundu wa pa lole yotere alibe chomtchinga china koma zingwe, malamba ndi tenti, imene ena amati lona, ndipo zitatuzi zimalimba molingana ndi chisamaliro cha munthu amene wazimanga.

Ntchitoyi sindinaiphunzire m'kalasi. Sukulu itandikanika chifukwa cha kusowa fizi, ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi monga wothandizira dalaivala wina wachikulire amene ankanyamula feteleza kuchokera ku doko la Beira ku Mozambique. Tinkatulukira pa Dedza, kuoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete, ndi kuyenda masiku angapo m'dziko la eni. Madala, monga ndinkawatchulira, anali munthu wa mau ochepa. Ndiwo anandiphunzitsa kuti katundu ayenera kugunda chitsulo cha kuseri kwa mutu wa lole, kuopa kuti angaseserekere kutsogolo poponda buleki. Kuti pofunda matenti awiri uyambe ndi yakumbuyo, yakutsogolo ibwere pamwamba pake, kuti mphepo isapeze polowera. Ndiponso kuti ukayenda makilomita owerengeka uime ndi kukunganso zingwe, pakuti katundu akagwedezeka amakhazikika ndipo chingwe chimene chinali chokungika chimakhwepa. Pa chitunda chotsika ankalowetsa giya yaing'ono asanayambe kutsetsereka, osadikira kuti mabuleki atenthe. Ine pa masiku amenewo ndinkaona ngati ndi mantha a ukalamba chabe.

Ndalama zogulira lole zinachokera malo atatu. Zina ndinasunga ndekha pa zaka zisanu ndi chimodzi zija, pogona m'mutu wa thiraki ndi kudziphikira nsima pambali pa mseu m'malo mokadya ku lesitilanti. Zina zinachokera kwa amalume, amene anagulitsa ng'ombe zisanu pa khola la ng'ombe zisanu ndi zitatu. Zotsala ndinakongola ku banki ina, ngongole ya zaka zitatu, chikole chake loleyo. Chomwecho chimene anzanga ankachitcha changa chinali ndi eni atatu, ndipo mwa atatuwo ine ndiye ndinali ndi gawo lochepa.

Kusiyana kwa dalaivala wolembedwa ntchito ndi mwini lole woyendetsa yekha ndi kwakukulu, ngakhale onse awiri amakhala pa mpando wofanana. Wolembedwa ntchito tayala likaphulika amaimba foni kwa abwana ake, n'kukhala pamthunzi kudikira. Mwini wake akamva kuphulika komweko, mtima umayamba kuwerengera ndalama lole isanaime n'komwe. Dizilo amagula ndi ndalama zapamanja, pamene eni katundu ena amalipira patapita mwezi kapena iwiri. Pali inshulansi, pali chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili yoyenera kuyenda pa mseu, pali oilo, masipuling'i ndi amakanika. Palinso madobadoba, anthu opanda lole ndi opanda katundu, koma odziwa kumene kuli zonse ziwiri, amene amadulapo gawo lao pa ulendo uliwonse. Koposa zonse pali ulendo wobwerera wopanda kanthu. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 310, ndipo ukapanda kupeza katundu wobwerera naye, phindu la ulendo wopita limapsera mu injini pa ulendo wobwerera.

Miyezi yoyamba inandiyendera bwino, mwina bwino kopitirira. Mu Novembala ndi Disembala ndinanyamula feteleza kupita m'madera a Dowa, Ntchisi ndi Kasungu. Ndinapita kangapo ku Chikangawa, pa mapiri a Viphya, kukatenga matabwa a paini. Ndalama zinkalowa m'thumba mwa mtundu umene ndinali ndisanauonepo, ndipo ndinalakwa monga amalakwira achinyamata ambiri: ndinaziyesa zanga. Pa maliro alionse a m'dera lathu lole inkapita kukanyamula anthu ndi bokosi, mafuta ochokera m'thumba mwanga, ndipo zimenezo sindidandaula nazo, pakuti ndi m'mene timakhalira. Chimene ndimachita nacho manyazi ndi zina. Ndinapentetsa mutu wa lole utoto wowala, ndinagula hutala yolira ngati sitima, wailesi ya mau akulu ndi foni yamtengo wapatali. Tenti imene inabwera ndi loleyo inali yakale, ya zigamba zingapo, ndipo nthawi zonse ndinkati ndigula yatsopano mwezi wa mawa. Dzinja lonse ndinapulumuka chifukwa matumba a feteleza ali ndi pulasitiki m'kati, ndipo matabwa saopa mvula ya tsiku limodzi.

Tsiku lina la mwezi wa Malichi ndinakumana ndi Madala ku Kanengo. Anaiyang'ana loleyo, anamvetsera hutala imene ndinawaimbira monyadira, kenaka anakwera pabodi ndi kufunyulula ngodya imodzi ya tenti. Anapisa chala pa msoko wina, chalacho n'kutulukira kuseri. "Mwana wanga," iwo anatero, "hutala siphimba katundu." Ine ndinaseka, n'kuwauza kuti mvula yatsala pang'ono kutha. Akuluakulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera, ndipo amenewa anagonera milungu isanu ndi umodzi yokha.

Tsono inafika nyengo ya fodya, imene mwini lole aliyense wa m'chigawo cha pakati amaidikira. Amene sanakulire kumudzi wolima fodya sangadziwe msanga chimene chili m'belo limodzi. Mlimi amafesa mbeu panazale mu Seputembala, dzuwa likuswa mtengo, n'kumathirira ndi ndowa m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa amaokera kumunda, amathira feteleza, kawirikawiri wangongole, amapalira, amathyola tsamba limodzilimodzi, amasoka ndi kupachika m'chigafa kuti liume. Pambuyo pake amasankha masamba molingana ndi maonekedwe ake, n'kuwadinda ndi jeke m'chiguduli. Belo lotero limalemera makilogalamu pafupifupi 100, ndipo limapita ku msika wa okushoni, ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe kapena ku Mzuzu, kumene ogula amatchula mtengo m'madola a ku America pa kilogalamu. Kwa mwini lole, belo ndi katundu wolipiritsa mwakutimwakuti. Kwa mlimi, ndi miyezi isanu ndi itatu ya thukuta la banja lonse, ndi malata a nyumba, fizi ya ana ndi chimanga cha m'miyezi ya njala.

Kumapeto kwa Epulo 2019, kalabu ina ya alimi a m'boma la Dowa inandipatsa ntchito yonyamula mabelo ao kupita nao ku Kanengo. Anandisankha ine kusiya ena a malole akuluakulu chifukwa ankawadziwa amalume. Tinakweza mabelo 84 a alimi osiyanasiyana, lililonse ndi nambala ya mwini wake. Pakati pa alimiwo panali mai wina wamasiye wachikulire, amene anali ndi mabelo asanu ndi limodzi okha. Pamene anyamata ankakweza, iwo anaima pambali atagwira m'chiuno, akuyang'anitsitsa belo lililonse mpaka litakhazikika. Titamaliza kumanga anandiyandikira, nati, "Bambo, muyende nawo bwino. M'menemo muli sukulu ya mdzukulu wanga." Ndinawayankha mopepuka kuti asadere nkhawa, pakuti mseu ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Mabelo ao, popeza anabwera pomalizira, anakhala pamwamba penipeni, chakumbuyo, pansi pa msoko uja umene Madala anapisapo chala.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Mseu wafumbi unatichedwetsa, ndipo pofika pa mseu waukulu wa M1 kunali kutada. Titangopitirira Mponela, mphepo yozizira inayamba kuomba, ndipo posakhalitsa kunagwa mvula ija yotsazikira dzinja, imene imabwera anthu ataiwala kale za mvula. Inagwa mwamphamvu kwa maola awiri. Ndinaima pambali pa mseu, ndipo ine ndi mnyamata wondithandiza tinakwera pamwamba ndi tochi, kuyesa kutseka msokowo ndi matumba ndi majekete athu. Mphepo inali itaukulitsa kale, kutalika kwake ngati mkono wa munthu. Madzi ankalowa ife tikuona.

Kutacha, tili pa mzere wa malole odikira kutsitsa, tinafunyulula tenti. Mabelo asanu ndi awiri anali atanyowa mbali imodzi, ndipo anai mwa iwo anali a mai wamasiye uja. Apa ndi pamene pali nkhani yonse, pakuti kung'ambika kwa tenti kunali kusasamala, koma chimene chinatsatira ndinachichita maso ali gwa. Ndinkadziwa choyenera kuchita: kuimbira wapampando wa kalabu nthawi yomweyo, kutsitsa mabelo onyowawo, kubwerera nao kumudzi kuti akamasulidwe ndi kuumitsidwanso fodyayo asanaonongeke. Koma kutero kukanatanthauza kutaya malo anga pa mzere, kuotcha dizilo wa ulendo wina wosalipidwa, ndi kuvomera pamaso pa anthu kuti bwana wa hutala yolira ngati sitima alibe tenti. Tinangowatembenuza mabelowo, mbali yonyowa kuloza m'kati, n'kufundanso tenti. Tinadikira masiku atatu, monga zimakhalira kumayambiriro kwa msika pamene malole amafika ambiri nthawi imodzi. Masiku atatu a dzuwa, fodya wonyowa ali wotsekeredwa pansi pa tenti, ndi okwanira kuti achite chuku.

Mabelo asanu ndi awiri aja anabwezedwa. Wapampando atandiimbira foni kufunsa chimene chinachitika, bodza linali kale pa lilime panga, pakuti mnyamata wondithandiza anali atandinong'oneza. Aliyense amadziwa kuti alipo alimi ena amene amadinda fodya asanaume bwino, ndi enanso amene amawaza madzi kuti belo lilemere. Ndinangoti, "Mwina eni ake anafulumira kudinda." Sindinatchule dzina la munthu, ndipo ndinadzitonthoza kuti sindinanamizire wina aliyense. Koma manambala a pa mabelo anatchula maina m'malo mwanga. Patapita sabata ndinamva kuti kalabu ikufuna kukhala pansi kuti ikambirane zowachotsa maiwo, chifukwa mlimi mmodzi wachinyengo amaonongera mbiri gulu lonse pamaso pa ogula ndi okongoza feteleza.

Sabata imeneyo ndinanyamula katundu kawiri, ndipo ndalama zinalowa, koma nsima inkandikanika. Ndinapita kukawafuna Madala kumene ankakonzetsa thiraki yao, ndipo ndinawafotokozera nkhaniyo mozungulira, monga ngati inagwera munthu wina. Anandimvera mpaka kumapeto akupukuta manja ndi kansanza. Kenaka anafunsa, "Kodi tenti ija unasintha?" Ndinakhala chete. "Nanga ukufuna ndikuuze chiyani chimene sukuchidziwa?" Atatero anabwerera pansi pa thiraki yao. Ndinaima pamenepo kanthawi, ndikuyembekeza kuti mwina anenanso mau ena ondipeputsira mtolo, koma ndinangomva kulira kwa sipanala.

Ndinafika kumudzi kuja m'mawa wa tsiku la msonkhano. Anthu anali atakhala pansi pafupi ndi chigafa cha wapampando, amuna mbali ina, akazi mbali ina, ndipo mai wamasiye anakhala payekha chapatali pang'ono, atafunda nsalu kumutu. Ndinapempha mwai wolankhula nkhani isanayambe. Ndinagwada, ndipo ndinafotokoza zonse monga zinachitikira: za msoko, za mvula ya pa Mponela, za kutembenuza mabelo, ndi za mau amene ndinayankha pa foni. Kunena zoona, sindinayambe ndamvapo mau anga akunjenjemera chotero. Anthu anang'ung'udza, mnyamata wina anaimirira mwaukali, koma akuluakulu anamkhazika pansi. Pomalizira maiwo analankhula, osandiyang'ana. "Ine ndimadziwa kuti fodya wanga anali wouma, pakuti ndinamgwira ndi manja angawa. Koma masiku onsewa anthu akundiloza chala, ndinafika poyamba kudzifunsa ngati ukalamba wandisokoneza mutu. Chimenecho ndicho mwandilakwira, bambo. Fodyayo ndi nkhani ina."

Mlandu unagamulidwa mwachilungamo. Ndinayenera kubweretsa mabelo obwezedwawo kumudzi popanda malipiro, kulipira ntchito yosankhanso fodya amene akanatha kupulumuka, ndi kubwezera eni ake mtengo wa yense woonongeka, powerengera mtengo umene mabelo ao ena anagulidwa nao. Anandipatsa miyezi itatu. Ndinagulitsa hutala, wailesi ndi foni ija, zonse pa mtengo wotsika, ndipo choyamba kugula chinali tenti yatsopano. Ndalama zotsala sizinakwane, chomwecho ndinaphonya kulipira kubanki miyezi iwiri yotsatizana, ndipo kalata inabwera yondikumbutsa chimene chinali chikole. Usiku umene ndinawerenga kalatayo ndinakagona m'mutu wa lole, ndikuganiza za khola la amalume lotsala ndi ng'ombe zitatu, ndi m'mene ndikawauzire kuti zisanu zija zapita ndi mphepo.

Amalume nditawauza, sanakalipe monga ndinkayembekezera. Anafunsa funso limodzi lokha, ngati ndinapita kumudzi kuja ndekha kapena anachita kundiitana. Nditayankha kuti ndinapita ndekha, anati, "Ndiye pita kubankinso wekha, asanakuitane." Ndinapitadi, ndi kabuku kanga ka maulendo m'manja, ndipo ndinafotokoza popanda kubisa. Anavomera kutalikitsa nthawi ya ngongole, ngakhale kuti chiwongoladzanja chinakula. Ngongole ya zaka zitatu ndinaimaliza m'zaka zinai ndi miyezi ingapo. Mai wamasiye ndinamaliza kuwalipira mu Ogasiti chaka chomwecho cha 2019, ndipo mdzukulu wao anaphonya teremu imodzi chifukwa cha ine. Teremu imeneyo palibe ndalama imene ikanaibweza, ndipo sindiyesa kudzinamiza kuti kupepesa kwanga kunafafaniza zonse.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kasungidwe ka ndalama. Malipiro a ulendo ulionse ndimawagawa panai ndisanagule ngakhale botolo la zakumwa: za mafuta a ulendo wotsatira, za matayala ndi zokonzetsera, za ngongole ndi mapepala a boma, ndipo zotsala, zikatsala, ndizo za pakhomo. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ine ndinaphunzira kusawerengera ndalama imene mwini katundu sanaipereke. Ndinalekanso kuvomera katundu wopitirira muyeso, ngakhale mwini wake atalonjeza kuonjezera malipiro. Sikuti ndikuopa sikelo ya magalimoto yokha, ngakhale kuti chindapusa chake ndi chowawa. Matumba makumi awiri oonjezera amadya matayala ndi masipuling'i mwakachetechete, ndipo amatalikitsa mtunda umene lole imafuna kuti iime pamene mwana wathamangira mu mseu.

Zaka zotsatira sizinali zofewa kwa mwini lole aliyense. Zipata zolipiritsa magalimoto zinatsegulidwa pa mseu wa M1, pa Chingeni mu 2021 ndi pa Kalinyeke mu 2022. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Popeza matayala, zitsulo za injini ndi dizilo zonse zimachokera kunja, mitengo yake inakwera nthawi yomweyo, pamene eni katundu ankafuna kulipira monga kale. Mu 2022 tinagona pa mizere ya mafuta, lole zili zodzaza katundu wa eni. Anzanga angapo amene tinayamba nao limodzi anagulitsa malole ao, ena mwa iwo anthu osamala kuposa ine, pakuti si kugwa konse kumene kumadza ndi kulakwa kwa munthu. Chimene chinandithandiza ine kuima ndi chinthu chimene sindinachiyembekeze. Chaka chotsatira mlandu uja, kalabu ija inandiitananso. Wapampando anandiuza kuti anakambirana nthawi yaitali, ndipo anagwirizana kuti lole iliyonse ingathe kukumana ndi mvula, koma iwo akufuna mwini lole amene adzawauza zoona mvulayo ikagwa. Makalabu ena awiri oyandikana nao anatsatira, ndipo ntchito ya miyezi ya fodya ndiyo yakhala ikundiolotsa m'miyezi yovuta.

Kwa inu achinyamata amene mumaima pambali pa mseu kuyang'ana malole akudutsa, mitima ikulakalaka, sindikuletsani. Ntchitoyi ndi yabwino, imadyetsa banja, ndipo dziko lopanda nyanja yamchere ngati lathu limadalira kwambiri matayala a malole. Koma yambani mwakhala pansi pa munthu wodziwa, zaka zingapo, mukumanga zingwe ndi manja anu. Muwerengere mtengo wa ulendo wobwerera musanavomere ulendo wopita. Mugule tenti, zingwe ndi tayala lapadera musanagule chinthu chilichonse chokometsera maso. Ndipo mudziwiretu kuti tsiku lidzafika, ngakhale musamale chotani, pamene chinthu chidzaonongeka m'manja mwanu, mwini wake ali kutali, ndipo padzakhala bodza lapafupi loti mutole. Pa tsiku limenelo mudzakhala nokha pamwamba pa katundu, popanda bwana woti mumuimbire foni, pakuti bwanayo ndinu.

Madala anapuma pa ntchito, ndipo amakhala kwao kumene amalima mbatata ndi mtedza. Ndikadutsa chakumeneko ndimawasiyira thumba la feteleza, iwo n'kukwera pabodi monga kale kukayendetsa chala m'misoko ya tenti, osanena kanthu. Ine ndili ndi mnyamata wina wondithandiza tsopano, wa zaka 20, wachangu ndi wofulumira mtima monga ndinaliri. Nyengo ya fodya ikayandikira, timayala tenti pa mitengo masana dzuwa lili paliwombo, ndipo ndimamuuza kuti alowe pansi pake ayang'ane kumwamba. Paliponse pamene aona kadontho ka kuwala, pamenepo mpolowera madzi, ndipo timapalemba ndi choko kuti pasokedwe. Iye amadandaula kuti tikutaya nthawi, popeza mvula yatha ndipo anzathu anyamuka kale. Ndimamsiya adandaule, n'kumpatsa choko, ndipo sitinyamuka mpaka pansi pa tentiyo patada bii.